Moto wa m'phulusa: jini ya mwana wosabadwa m'chiwindi cha khoswe wamkulu

Madzulo ena a mwezi wa Julaye, chisanu cha ku Mzuzu chitafika pachimake, alamu anga anatulukira kwathu ku Chibavi ali ndi kapepala ka ku labotale m'thumba la jekete. Sanakatulutse msanga. Tinayamba taotha mbaula, tafunsana za ana ndi za mtengo wa feteleza, kenako ndi pamene anakayala pabondo. "Alamu, inu mumaphunzitsa sayansi. Tandiuzani, AFP ameneyu ndi matenda anji?" Zaka zingapo m'mbuyomo anawapeza ndi hepatitis B, ndipo adokotala anawalangiza kuti pa miyezi 6 iliyonse aziyezetsa magazi ndi kujambulitsa chiwindi. Ulendo uno nambala inali itakwerako pang'ono, ndipo mnzawo wina wa kuntchito anali atagamula kale mlandu: AFP ndiye khansa basi.

Ndinawauza kuti AFP si matenda. Ndi puloteni, dzina lake lonse ndi alpha-fetoprotein, ndipo iwo eni ake anali nayo yochuluka zedi m'magazi asanabadwe. Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Ndiye ya khanda la m'mimba ikufuna chiyani mwa ine, munthu wa imvi kale?" Funso limenelo akatswiri akhala akulimbana nalo zaka zoposa 60, ndipo mayankho ambiri amene tili nawo sanachokere mwa anthu. Anachokera m'chiwindi cha khoswe ndi cha mbewa.

Sikuti ndi khoswe uja wa m'denga amene amatiboolera matumba a chimanga. Wa m'labotale ndi mtundu wina, Rattus norvegicus, amene anayamba kuwetedwa mwadongosolo ku Wistar Institute mumzinda wa Philadelphia cha m'ma 1906. Bere lake ndi la masiku 21 kapena 22 okha, anawo amakula msanga, ndipo chiwindi chake n'chachikulu mokwanira kuchitapo opaleshoni. Zimene mwa munthu zimatenga chaka, mwa iye zimaoneka m'masabata.

Mu 1956 akatswiri awiri a ku Sweden, Bergstrand ndi Czar, anaona puloteni ina m'magazi a mwana wosabadwa imene m'magazi a akuluakulu sinkaoneka. Nkhani ikanathera pomwepo, ngati chimodzi mwa zodabwitsa zambiri za m'chiberekero. Koma ku Moscow, Garry Abelev ndi anzake ankasakasaka chizindikiro chimene chotupa cha m'chiwindi chili nacho chokha, chosapezeka m'chiwindi chabwino. Anachipeza mwa mbewa zawo, nasangalala. Atayang'ana m'miluza ya mbewa zomwezo, anapeza chinthu chomwecho chili mbwee. Chotupa sichinapange chatsopano ayi, chinangobwerera ku chakale. Anafalitsa zimenezi mu 1963, ndipo mu 1964 Yuri Tatarinov ku Astrakhan anapeza puloteni yomweyo m'magazi a anthu odwala khansa ya chiwindi.

Kusiyana kwa muyeso wake n'kochititsa kaso. Mwana ali m'mimba, cha kumapeto kwa mwezi wachitatu, AFP imafika pafupifupi mamiligalamu 3 mu mililita imodzi ya magazi ake. Imapangidwa m'chiwindi chake komanso m'kathumba kotchedwa yolk sac. Mwa wamkulu wathanzi nthawi zambiri siposa mananogalamu 10 mu mililita. Mamiligalamu 3 ndi mananogalamu 3,000,000, ndiye werengani nokha. Koma taonani kuti sitinanene 0. Kadontho kotsalako ndiye nkhani yathu.

Pano ndiyenera kunena za jini, ndipo ndikudziwa mmene ana a m'kalasi mwanga amasekera ndikangotchula "majini", poganiza za aja ogwira anthu kunyanja. Awa ndi ena. Pafupifupi selo lililonse m'thupi lili ndi buku limodzimodzi la DNA, ndipo jini ndi tsamba limodzi la bukulo, lolembapo mmene puloteni inayake imapangidwira. Buku lenilenilo silituluka m'chipinda chake pakati pa selo. Selo likafuna puloteni, limakopera tsambalo, ndipo kopeyo, yotchedwa mRNA, ndi imene imapita kokapangira. Amene anadutsapo pa timashopu ta fotokope ku Luwinga mayeso a ku Mzuni atayandikira akudziwa kuti ungathe kudziwa phunziro limene lavuta pongoona tsamba limene likukopedwa kwambiri. Akatswiri amachitanso chimodzimodzi: amawerenga makope a mRNA kuti adziwe jini imene selo likuigwiritsa ntchito. Selo la m'diso ndi la m'chiwindi ali ndi buku limodzi, amasiyana masamba amene amakopera.

Jini ya AFP ili ndi mnansi wake, jini ya albumin, puloteni yochuluka kuposa zonse m'madzi a m'magazi a munthu wamkulu. Ziwirizi n'zapachibale. Kalekale inali jini imodzi imene inadzikopera kawiri, ndipo mpaka lero zili moyandikana, iliyonse ili ndi zigawo 15, pa chromosome 4 (chromosome ili ngati chaputala cha buku lija) mwa munthu ndi pa chromosome 14 mwa khoswe. Mabuku ena amaphunzitsa ngati kuti AFP imagwira ntchito mwana asanabadwe kenako albumin n'kuilanda mpando. Si mmene zilili kwenikweni. M'chiwindi cha mluza zonse ziwiri zimakopedwa limodzi. Kusiyana kumabwera pambuyo pa kubadwa: albumin imapitirira moyo wonse, AFP imatsika. Mwa khoswe kutsikako kumatha m'masabata atatu kapena anayi oyamba, nthawi imene kamwanako kakusiya kuyamwa. Mwa mbewa makope a mRNA amachepa pafupifupi ka 10,000. Mwa mwana wa munthu muyeso wa m'magazi umafika pa wa akuluakulu chaka choyamba chikamatha.

Chochititsa chidwi n'choti kutsikako sikuchitika paliponse nthawi imodzi. Chiwindi chinamangidwa ndi timagawo tambirimbiri tooneka ngati zisa za njuchi. M'makona a kagawo kalikonse mumalowa magazi ochokera m'matumbo ndi mumtima, ndipo amayenda pakati pa maselo mpaka kukathira mumtsempha wapakati. Maselo a m'mphepete, pamene magazi amalowera, ndi amene amayamba kusiya AFP. Ozungulira mtsempha wapakati amatsalira, kumaliza pambuyo pa onse. Mahomoni nawonso ali ndi mbali yake. Luc Bélanger ndi anzake ku Québec anaonetsa kuti ukabaya timakoswe tongobadwa kumene mankhwala a mtundu wa glucocorticoid, monga dexamethasone uja amene alinso m'zipatala zathu, AFP imatsika nthawi yake isanakwane.

Mawu amene sindigwirizana nawo ndi akuti jiniyi "imazimitsidwa". Agogo athu akafuna kusunga moto usiku sankauthira madzi, ankaukwirira ndi phulusa. M'mawa ukafika pamafuwa palibe lawi, palibe utsi, koma ukapalasa ndi kamtengo makala ali psu. Jini ya AFP mwa khoswe wamkulu ili chimodzimodzi, ndipo umboni wake ulipo.

Kumayambiriro kwa jini iliyonse kuli malo otchedwa promoter, pamene makina okopera amakhazikika. Chakumtunda kwa jini ya AFP, m'dera lapakati pa iyo ndi albumin, kuli malo ena atatu otchedwa enhancer, amene ntchito yawo ndi kukoleza kukoperako. Gulu la Shirley Tilghman, mayi amene pambuyo pake anadzatsogolera Princeton University, linawapeza mwa mbewa m'zaka za m'ma 1980, ndipo khoswe nayenso ali nawo atatu. Aliyense akanaganiza kuti pobadwa ma enhancer amenewa ndi amene amafa. Anayesa. Anawadula n'kuwalumikiza ku promoter ya jini ina, n'kuika m'mbewa. Mbewazo zitakula, ma enhancer anapitirira kugwira ntchito bwinobwino. Kenako anachotsa kachigawo kena ka DNA kapafupi ndi promoter ya AFP, ndipo jiniyo inakana kutsika, inapitirira kukopedwa m'chiwindi cha mbewa zazikulu. Ndiye kuti makala adakali amoyo. Chilipo chimene chimakhala pafupi ndi promoter n'kumaupanikiza motowo tsiku ndi tsiku.

Kupeza wopanikizayo kunatenga zaka pafupifupi 30, ndipo kunayamba ndi mbewa zosamvera. Mu 1977 akatswiri anayeza magazi a mitundu yosiyanasiyana ya mbewa za m'labotale, napeza kuti mtundu umodzi, BALB/cJ, umakhala ndi AFP yochuluka ngakhale utakula, ka 5 mpaka ka 20 kuposa inzake. Khalidweli linkapatsidwa kwa ana motsatira malamulo a Mendel a mmene chibadwa chimapatsirana, kusonyeza kuti jini imodzi yokha ndi imene yalakwika, ndipo sinali ya AFP yeniyeniyo. Anaitcha raf asanaione n'komwe. Mu 2005 gulu la Brett Spear ku University of Kentucky linaipeza: ndi jini yotchedwa Zhx2, ndipo mwa BALB/cJ kachidutswa ka vairasi kanalowerera m'kati mwake n'kuilemaza. Mu 2008 akatswiri a ku Shanghai anapeza wina wamphamvu kuposa ameneyo, ZBTB20. Puloteni imeneyi imachuluka m'chiwindi pambuyo pa kubadwa, nthawi yomweyo imene AFP ikutsika, ndipo imakakhala pa promoter penipeni. Ataichotsa m'chiwindi cha mbewa, AFP inapitirira kukopedwa m'chiwindi chonse moyo wonse wa mbewazo, chikhalirecho maselo ake anali phee, osagawikana mwachisawawa.

Mfundo yomalizayi ndi imene ndinaibwereza kawiri kwa alamu anga. Jini ya AFP itha kukhala yotsegula kotheratu m'chiwindi chopanda khansa. Ngakhale mwa anthu zimachitika. Mu 1983 ku Scotland anapeza banja limene anthu ake akuluakulu, athanzi lawo, anali ndi AFP yokwera mbadwo ndi mbadwo. Patapita zaka 10 chifukwa chinadziwika: chilembo chimodzi chokha cha DNA pa promoter chinasintha, G kukhala A, ndipo puloteni yokoleza yotchedwa HNF-1 inayamba kugwira pamenepo molimba kuposa kale. Chilembo chimodzi pa mabiliyoni atatu.

Tibwerere kwa khoswe wamkulu wosadwala. Kadontho kaja kamachokera kuti? Kodi maselo onse a chiwindi amadontha pang'onopang'ono, kapena pali maselo ochepa obisala amene akukoperabe ngati a mluza? Mukagaya chiwindi chonse n'kuyeza, mayankho awiriwa amaoneka ofanana, monga mmene thumba la mtedza lingakhale ndi chuku chochepa chifukwa njere zonse zakhudzidwa pang'ono kapena chifukwa njere zitatu zaoleratu.

Njira imene inathandiza pano imatchedwa Northern blot. Ife a kumpoto tisathamangire kunyada, dzinalo ndi nthabwala chabe: njira yoyamba yoyezera DNA inatchedwa dzina la mwini wake, Edwin Southern, ndiye amene anapanga yoyezera RNA ku Stanford mu 1977 anangoti yawo ikhale Northern. Njirayi imasefa makope a RNA malinga ndi kutalika kwake, aafupi amathamanga patsogolo, aatali amatsalira. Itagwiritsidwa ntchito pa chiwindi cha khoswe, zinaoneka kuti jini ya AFP situlutsa kope la mtundu umodzi. Pali lathunthu, la zilembo pafupifupi 2,100, limene ladzaza m'chiwindi cha mluza ndipo ndi limene limapanga puloteni yopita m'magazi. Palinso ena aafupi, a zilembo pafupifupi 1,700, 1,400 ndi 1,000, amene mbali ina ya uthengawo ilibe. Joan Lemire ndi Nelson Fausto, ali ku Brown University, analongosola zimenezi mu 1991. M'chiwindi cha khoswe wamkulu wathanzi, lathunthulo ndi losowa kwambiri, ndipo zambiri zimene zimaoneka ndi makope aafupi.

Izi zikutanthauza kuti funso loti "kodi jiniyi ikukopedwa mwa khoswe wamkulu?" lilibe yankho la eya kapena ayi. Chida chofufuzira chimene chimagwira mbali imodzi ya uthengawo chimaona makope ena, chogwira mbali ina sichiwaona. Malabotale awiri akanatha kuyeza chiwindi chimodzi n'kutsutsana, onse akunena zoona. Funso labwino ndi loti: kope liti, m'selo liti?

Kuti aliyankhe, anayamba kuvulaza chiwindi mwadala. Ndivomere kuti pano mtima wanga umagawikana. Makoswe osawerengeka anadulidwa ndi kudyetsedwa poizoni kuti lero alamu anga akhale ndi nambala papepala. Masiku ano malamulo oteteza nyama za m'labotale ndi okhwima kuposa kale, koma ngongoleyo ilipo ndithu.

Njira yoyamba ndi ya Higgins ndi Anderson ya mu 1931: kuchotsa magawo awiri mwa atatu a chiwindi cha khoswe. Zidutswa zochotsedwazo sizimeranso. Zotsalazo ndi zimene zimakula, mpaka kulemera kwa chiwindi kubwerera mwakale m'sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Patangotha tsiku limodzi maselo ambiri amakhala akukopera DNA yawo kuti agawikane. Munthu angayembekezere kuti pa chipwirikiti chotere AFP ikwera ngati ya mluza. Imakwera, koma pang'ono chabe. Maselo akuluakulu a chiwindi amatha kugawikana osasiya ukulu wawo, phulusa lili pomwepo.

Njira yachiwiri ndi yankhanza kwambiri. Khoswe amapatsidwa mankhwala otchedwa 2-acetylaminofluorene. Maselo akuluakulu a chiwindi, poyesa kusungunula mankhwalawa monga ntchito yawo ilili, amawasandutsa poizoni amene amawaletsa kugawikana. Kenako amadulanso magawo awiri mwa atatu aja. Chiwindi chikufunika kukula, koma okula nthawi zonse aja amangidwa miyendo. Pamenepo m'pamene pamatulukira timaselo tina tating'onoting'ono, kuchokera kumapeto kwa timitsempha ta ndulu, pamalo otchedwa canals of Hering. Emmanuel Farber anatilongosola mu 1956, ndipo chifukwa cha maonekedwe a pakati pake, ozungulira motalikirako ngati dzira, timatchedwa maselo a oval. Timachulukana mofulumira n'kulowerera m'kagawo kuchokera m'makona. Ndipo ndi timeneti timene timadzaza ndi kope lathunthu lija la zilembo 2,100. AFP ya m'magazi a khosweyo imakwera kwambiri.

Maselo a oval ndi achilendo chifukwa ali ndi zizindikiro za mbali ziwiri. Ali ndi mapuloteni a maselo a mitsempha ya ndulu, komanso amapanga albumin ngati maselo enieni a chiwindi. Maselo a mluza amene amamanga chiwindi poyambirira alinso otero, amatha kupita uku kapena uku. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri AFP inakhala ngati nyali yoonera maselo osungidwa, amene chiwindi chimaitana zikavutitsitsa. Pali mtsutso pano umene sunathe. Kuyambira cha m'ma 2014, kafukufuku wolondola mzere wa maselo mwa mbewa waonetsa kuti pa kuvulala kwa mitundu yambiri, maselo atsopano a chiwindi amachokera kwa maselo akale a chiwindi, osati kwa timaselo ta m'mitsempha ya ndulu. Ine ndimaona kuti izi sizikufafaniza zimene zinaoneka mwa khoswe. Zikungotikumbutsa kuti khomo limeneli limatseguka pamene makomo ena onse atsekedwa, osati pa chimfine chilichonse cha chiwindi.

Palinso njira yachitatu imene gulu la Abelev linaitsata kwa nthawi yaitali. Ukapatsa mbewa poizoni wotchedwa carbon tetrachloride, maselo ozungulira mtsempha wapakati amafa. Amene amayambanso kupanga AFP ndi maselo akuluakulu a m'mphepete mwa bala, amene anzawo oyandikana nawo afa. Ndiponso ukachotsa maselo m'chiwindi n'kuwamwaza m'mbale ya m'labotale, ena amayambiranso AFP. Zikuoneka kuti selo limadziwa kuti ndine wamkulu chifukwa chogundana mapewa ndi anzake m'mizere yake. Likatsala lokha, phulusa limasesereka.

Choncho m'chiwindi cha nyama yaikulu AFP ikhoza kubwera m'njira zosachepera zitatu: maselo akuluakulu amene asokonezeka ndi bala, timaselo tosungidwa timene taitanidwa, kapena chotupa chimene maselo ake ataya opanikiza aja. Magazi sanena kuti ndi iti.

Nanga puloteniyi imagwira ntchito yanji, kuti thupi liziipanga yochuluka chotero kenako n'kuibisa? Imanyamula zinthu m'magazi, monga mafuta ena ndi bilirubin (chachikasu chija cha mu ndulu), ngati mbale wake albumin. Koma mu 2002 akatswiri a ku Belgium anapanga mbewa zopanda jini ya AFP, ndipo zinabadwa bwinobwino, zinakula bwinobwino. Zazimuna zinabereka. Zazikazi ndi zimene zinapezeka zosabereka, mazira osatuluka. Chifukwa chake n'chodabwitsa. AFP ya mbewa ndi ya khoswe imagwira homoni ya estrogen mwamphamvu, ndipo potero imaitchinga kuti isalowe mu ubongo wa kamwana kakakazi kali m'mimba. Mwa nyama zimenezi estrogen ikafika mu ubongo nthawi imeneyo imaupanga kukhala wachimuna. AFP ya munthu sigwira estrogen motero. Ndimakonda kutchula izi chifukwa anthu ena akamva kuti "anayesa pa makoswe" amaganiza kuti nkhani yatha. Jini ndi yofanana, kutseka ndi kutsegula kwake n'kofanana kwambiri, koma ntchito ya puloteniyo yasiyana pa mfundo yaikulu.

Pali chinthu chimodzi chimene khoswe ndi ife timafanana mopweteka, ndipo chili m'misika yathu. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi ufa wa mtedza wochokera ku Brazil. Chaka chotsatira ufa womwewo utadyetsedwa makoswe, anachita khansa ya chiwindi. Poizoniyo ndi aflatoxin, wopangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, chimene alimi athu amachidziwa kuti chuku. Khoswe sachedwa kudwala nacho, pamene mbewa yaikulu imalimba chifukwa chiwindi chake chili ndi puloteni yosungunula poizoniyo msanga. Ife tili mbali ya khoswe. Mu 1991 kafukufuku wa zotupa za odwala a kumwera kwa Africa, makamaka a ku Mozambique, ndi a ku Qidong ku China, anapeza kuti zambiri zinali ndi chilema pamalo amodzimodzi, nambala 249, pa jini yoteteza ku khansa yotchedwa TP53. Chilemacho chimadziwika tsopano kuti ndi phazi la aflatoxin. Ndipo chuku chikakumana ndi hepatitis B m'chiwindi chimodzi, ngozi sikuti imangowonjezerana, imachulukitsana.

Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, ndipo ikasiya kumabwera mawawa ndi nkhungu ya m'mawa. Kuumitsa chimanga ndi mtedza si ntchito yamasewera. Onjezani chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, ndi china chija chosankha wabwino kupita nawo kumsika, wonyala ndi wakuda n'kusinja nsinjiro za pakhomo. Kukazinga kapena kuphika sikuthetsa poizoniyu. Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'Malawi mu 2002, ndiye kuti amene anabadwa chisanafike chaka chimenecho, monga alamu anga ndi ine, ambiri sitinamulandire tili makanda.

Ndiye kapepala kaja tikawerenge bwanji? Ndinawauza alamu zimene khoswe watiphunzitsa. Chiwindi chimene chikulimbana ndi vairasi, maselo ena akufa ena akumera, chikhoza kukweza AFP popanda chotupa chilichonse, ndipo kutupako kukachepa nambala imatsikanso, pakuti theka la AFP ya m'magazi limatha m'masiku 5 mpaka 7. Mayi woyembekezera amakhala nayo yokwera chifukwa ya mwana imawolokera m'magazi ake, ndipo kuyambira pa ntchito ya Brock ndi Sutcliffe ku Edinburgh mu 1972 muyeso wa AFP umathandiza kuzindikira ana amene msana wawo sunatsekeke bwino. Zotupa zina za m'machende ndi za m'mabasiketi a mazira zimaikwezanso. Mbali inayo ndi yowopsa kwambiri: odwala khansa ya chiwindi ochuluka ndithu, mwina mmodzi mwa atatu alionse, AFP yawo sikwera n'komwe, makamaka chotupa chikadali chaching'ono. Chotupa sichikakamizidwa kupalasa phulusa. N'chifukwa chake madokotala sadalira magazi okha, amafuna ndi chithunzi cha sikani. Nambala yopitirira mananogalamu 400 mu mililita pamodzi ndi chotupa chooneka pa sikani imalozera kwambiri ku khansa. Nambala yokwerako pang'ono imafuna kubwereza, kuti aone ngati ikukwerabe ulendo ndi ulendo kapena ikungosinthasintha.

Alamu anafunsa ngati pali mankhwala otsitsa AFP. Ndinati funso limenelo lili ngati kufuna kuchotsa utsi. Chofunika ndi chimene chikuchitika m'chiwindimo, ndipo za mankhwala a hepatitis B, monga tenofovir, akambirane ndi adokotala awo, osati ndi mphunzitsi wa Fomu 4 pa mbaula. Anaseka koyamba madzulo amenewo. Anapinda kapepala kaja kanayi, nati Lolemba apita kukalembetsa tsiku la sikani. Akutuluka anaima pakhonde, pamene mayi a kunyumba anayanika mtedza pa lichero, natola njere imodzi yakuda n'kuiyang'anitsitsa pa kuwala kwa babu.

"Uwu munagula kuti, alamu?"